Mchere Umene Umayamba Wadikira: Mbiri ya Strontium Sulfate

Lero tikambirane mbiri ya kanthu kamene kali m'mabuku athu a chemistry koma timangokalumpha pophunzitsa. Pa tchati cha michere yosungunuka ndi yosasungunuka timauza ana kuti ma sulfate ambiri amasungunuka m'madzi, kupatula angapo monga a barium, a mtovu, a strontium ndi a calcium. Ana amaloweza, amalemba mayeso, basi nkhani yatha. Koma tchaticho chimangonena kumene zinthu zikathere. Sichinena kuti mukasakaniza madzi awiri mcherewo utuluka liti, uyambira pati, kapena udzera njira iti. Mafunso amenewa avutitsa akatswiri kwa zaka zoposa 200, ndipo strontium sulfate ndi umodzi mwa michere imene imawaonetsa poyera.

Amene tinaphunzira ndi buku la Vogel ku koleji tikukumbukira kayesedwe aka. Mumasungunula gypsum, yemwe ndi calcium sulfate, m'madzi mpaka madziwo akhuta, osalandiranso wina. Kenaka mumathira madzi a gypsum amenewa m'timachubu titatu: m'koyamba muli mchere wa barium, m'kachiwiri wa strontium, m'kachitatu wa calcium. Ka barium kamachita mbuu nthawi yomweyo ngati mwadonthezamo mkaka. Ka calcium sikasintha ngakhale mudikire mpaka mawa. Ka strontium ndiye kodabwitsa. Mukakayang'ana madzi ali oonekera bwinobwino, mwina n'kuganiza kuti mulibe kanthu. Patapita nthawi mungoona kayamba kutuwa pang'onopang'ono, ndipo mukakawiritsa kamafulumirako.

Manambala ake ndi awa. Lita imodzi ya madzi pa 25°C imasungunula pafupifupi magalamu 2 a gypsum, mamiligalamu 130 a strontium sulfate, ndi mamiligalamu osakwana 3 a barium sulfate. Manambalawa akutiuza chifukwa chake calcium satuluka pomwe awiri enawo amatuluka, koma za kuchedwa kuja sakunenapo kanthu. Ngati m'madzi muli mchere wochuluka kuposa umene angathe kusunga, chimaugwira n'chiyani kwa mphindi zonsezo? Chondisangalatsa ine n'chakuti kayesedwe aka n'kakale zedi. Kali m'mabuku opimira michere a m'zaka za m'ma 1800, monga la Carl Remigius Fresenius, lomwe linatuluka koyamba mu 1841 n'kusindikizidwanso kambirimbiri. Akatswiri ankadalira kuchedwa kwa strontium ngati chizindikiro chomudziwira, pa nthawi imene panalibe ndi mmodzi yemwe wotha kufotokoza chochedwetsacho.

Dzina lakuti strontium ndi la mudzi. Strontian ndi kamudzi ka kumadzulo kwa Scotland, m'mphepete mwa Loch Sunart, kumene anthu anayamba kukumba mtovu m'zaka za m'ma 1720. Pakati pa miyala yotuluka m'migodimo panali wina wolemera umene anthu ankauyesa mwala wa barium. Mu 1790 Adair Crawford, dokotala wa ku London amene ankayesa kugwiritsa ntchito mchere wa barium ngati mankhwala, anaupima mothandizana ndi William Cruickshank. Anaona kuti mchere wochokera m'mwalawo unkasungunuka mosiyana ndi wa barium, ndipo mibulu yake inali ya maonekedwe ena. Thomas Charles Hope ku Scotland komweko ndi Martin Klaproth ku Berlin anatsimikiza, aliyense payekha, cha m'ma 1793, kuti ichi n'chinthu chatsopano, chimene chimafiiritsa lawi la moto. Humphry Davy ndiye anatulutsa chitsulo chenichenicho pogwiritsa ntchito magetsi mu 1808. Taonani kuti vuto kuyambira pachiyambi linali kusiyanitsa strontium ndi barium, awiri oyendera limodzi ngati mapasa. N'chifukwa chake kayesedwe ka madzi a gypsum kaja kanali kofunika chotero.

Mwala wa ku Strontian ndi strontium carbonate, ndipo umatchedwa strontianite. Anzanga a ku Balaka mwina mukudziwa kuti phiri la Kangankunde, lotchuka ndi miyala ya rare earth, lilinso ndi strontianite wambiri, ndiye chinthuchi sichachilendo kwenikweni kwathu kuno. Koma nkhani yathu ndi ya mbale wake wa sulfate. M'chilengedwe ameneyu amapezeka ngati mwala wabuluu wotuwira, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1790 Abraham Gottlob Werner wa ku Freiberg anaupatsa dzina lakuti celestine, kuchokera ku liwu la Chilatini lonena za thambo. Mwalawu unadzakhala wa ndalama m'zaka za m'ma 1880, pamene mafakitale a shuga ku Germany anayamba kugwiritsa ntchito njira ya Carl Scheibler yokokera shuga wotsalira m'molasesi ndi strontium hydroxide. Celestine wokumbidwa ku Yate, pafupi ndi Bristol ku England, ndiye ankadyetsa msika wa dziko lonse kwa zaka makumi angapo, ndipo migodiyo inatsekedwa mu 1994. Pambuyo pa shuga panabwera magalasi a ma TV akale a chimsana chachikulu aja, komanso makombola ofiira. Izi ndazidutsa mothamanga chifukwa si pamene pagona nkhani yanga.

Funso la kuchedwa linayamba strontium asanadziwike n'komwe. Mu 1724 Daniel Fahrenheit, mwini wa sikelo ya kutentha ija, analemba kuti madzi otsekeredwa m'kabotolo ka galasi amatha kuzizira kupyola pamene amayenera kuuma, n'kukhalabe amadzimadzi, kenaka n'kuuma mwadzidzidzi akangowasokoneza. Cha m'ma 1795 Tobias Lowitz, katswiri wa zamankhwala ku St Petersburg, anaonetsa kuti zofananazo zimachitika ndi michere. Mukasungunula mchere wambiri m'madzi otentha n'kuwaziziritsa mosamala, madziwo amasunga mchere woposa muyeso wake. Lero timati supersaturation, ine m'kalasi ndimangoti madzi okhuta mopyola. Lowitz anapezanso chinthu chofunika kwambiri: mukaponyamo kambulu ka mchere womwewo, wonse wopyolawo umatuluka pompo, koma kambulu ka mchere wamtundu wina nthawi zambiri sikachita kanthu. Lowitz yemweyu m'zaka zomwezo anapeza strontium wobisala m'mwala wa barium sulfate, ndiye nkhani ziwirizi zinakumana m'manja mwa munthu mmodzi, ngakhale panalibe woziluka pamodzi.

Mu 1813 Joseph Louis Gay-Lussac ku Paris anayesa madzi okhuta mopyola a sodium sulfate. Ali otsekeredwa ankakhala duu. Akangotsegula kuti mpweya ulowe, mibulu inkadzaza chubu chonse. Kwa zaka pafupifupi 50 anthu anakangana kuti mumpweya muli chiyani chochititsa zimenezi. Yankho linabwera mu 1865 kuchokera kwa Désiré Gernez ndi Charles Violette: si mpweya ayi, koma fumbi, ndipo m'fumbimo mumakhala timibulu tosaoneka ta mchere womwewo. Gernez ankagwira ntchito ndi Louis Pasteur, ndipo amene mumaphunzitsa biology mwaona kale kufanana kwake. Pasteur ankati msuzi suwola wokha popanda tizilombo tochokera kunja. Gernez ankati mchere sutuluka wokha popanda kambewu kochokera kunja.

Koma yankho limeneli linali la theka. Ngati mbulu uliwonse umafuna mbulu unzake kuti uyambe, nanga woyamba uja unachokera kuti? M'kachubu ka strontium kaja palibe amene waponyamo kambewu, koma pomaliza pake madzi amachitabe mbuu.

Amene anaika maziko a yankho ndi Josiah Willard Gibbs wa ku Yale, m'nkhani yaitali imene inatuluka m'magawo awiri, mu 1876 ndi 1878, m'magazini ya bungwe la akatswiri la ku Connecticut imene anthu ochepa okha ankaiwerenga. Ganizo lake tingalinene motere. Ma ion a strontium ndi a sulfate akalowa m'kati mwa mbulu amapeza malo abwino, atazunguliridwa ndi anzawo mbali zonse, ndipo pamenepo pali phindu. Koma amene ali pamwamba pa mbuluwo, pamalire ndi madzi, ali ndi anzawo mbali imodzi yokha, ndipo kupanga malire amenewo kumadya mphamvu. Mbulu waukulu suvutika ndi zimenezi chifukwa ma ion ake ambiri ali m'kati. Koma kagulu ka ma ion khumi kapena makumi awiri pafupifupi konse n'kapamwamba pokhapokha. Kotero kamaluza kuposa mmene kakupindulira, ndipo kamabalalika, ngakhale madzi ali okhuta mopyola. Pali msinkhu wina umene kagulu kakangoupyola, kukula kumakhala kwaphindu kuposa kusungunuka. Kufika pa msinkhu umenewo ndiye nucleation.

Ana anga ndimawafotokozera ndi msika. Amayi atatu akayala tomato pamalo atsopano m'mbali mwa msewu, ogula saima, ndipo pofika madzulo amayiwo abwerera kwawo, mawa sabweranso. Anthu ofuna msika m'deralo alipo ambiri, koma timisika ting'onoting'ono timangobadwa n'kufa. Tsiku lina mwangozi pakumana ogulitsa okwanira nthawi imodzi, ma minibasi ayamba kuimapo, ndipo kuchokera pamenepo aliyense wobwera akungowonjezera. Anthu akachulukitsitsa m'deralo, ogulitsa ochepa okha amakwanira kuyambitsa msika. Ndipo pakakhala mtengo wamthunzi kapena mphambano, msika umayamba msanga kuposa pa mtetete. M'madzi, mthunzi umenewo ndi kafumbi, kokanda pa galasi, kapena khoma la paipi. N'chifukwa chake tinaphunzitsidwa kukanda m'kati mwa chubu ndi kandodo ka galasi mchere ukamakana kutuluka. Fanizoli lili ndi polekezera, paja ma ion alibe maganizo, koma ana amaligwira msanga kuposa graph.

Zolemba za Gibbs zinali zovuta kumva, ndipo zinakhala nthawi osazilabadira. Amene anazimasulira m'Chijeremani mu 1892 ndi Wilhelm Ostwald wa ku Leipzig, ndipo mu 1897 iyeyo anatulutsa nkhani yake yokhudza kabadwe ndi kasinthidwe ka zinthu zolimba. Anagawa madzi okhuta mopyola pawiri. Pali opyola pang'ono, amene angakhale nthawi yaitali osatulutsa kanthu mpaka wina aponyemo kambewu. Amenewa anawatcha metastable. Pali opyola kwambiri, amene amatulutsa okha popanda wowayambitsa. Anaonjezeranso lamulo lina limene anangolitola poona zochitika, osati pa masamu: chinthu chikamatuluka m'madzi, nthawi zambiri sichiyamba ndi mtundu wake wokhazikika, koma chimayamba ndi mtundu wosakhalitsa umene uli pafupi, kenaka n'kumasintha pang'onopang'ono. Lisungeni lamuloli, tikumana nalonso kumapeto.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, P. P. von Weimarn ku St Petersburg anachita ntchito yofuna mtima wautali ndi barium sulfate, mbale wa mchere wathu uja. Ankasakaniza madzi a barium ndi a sulfate mosinthasintha mphamvu yake. Akasakaniza amphamvu kwambiri ankapeza chinthu chonga phala la sitachi, timibulu take tosaoneka n'komwe. Akachepetsa mphamvu ankapeza ufa, ndipo akachepetsanso ankadikira nthawi yaitali koma n'kupeza mibulu yochepa yooneka bwino. Tanthauzo lake n'lakuti madzi akapyola kwambiri, mbewu zimabadwa zambirimbiri nthawi imodzi n'kugawana mchere womwewo, iliyonse n'kupeza kochepa. Akapyola pang'ono zimabadwa zochepa, ndipo zimadya zokha mpaka kunenepa. Umboni waukulu wa zimenezi uli pa chilumba cha South Bass pa nyanja ya Erie ku Ohio. Mu 1897 anthu okumba chitsime ku Put-in-Bay anabowola phanga limene lero ndi la mamita pafupifupi 10 m'lifupi, makoma ake onse ali celestine, mibulu ina yolemera kuposa makilogalamu 100. Mchere wake ndi womwe uja wa ufa wa m'kachubu. Kusiyana kwake n'kwakuti m'phangamo madzi ankapyola pang'ono zedi, kwa nthawi yaitali zedi.

Masamu a liwiro la nucleation anabwera mu 1926 ndi Max Volmer ndi Alfred Weber ku Berlin, n'kukonzedwanso ndi Richard Becker ndi Werner Döring mu 1935. Iwo ankaganiza kwambiri za madontho obadwa mu nthunzi, koma ena anadzatengera masamuwo ku michere. Chachikulu chimene masamuwa amanena n'chakuti liwiro silikwera mofanana ndi kupyola kwa madzi. Limakhala pafupifupi ziro kwa mtunda wautali, kenaka n'kulumpha modzidzimutsa, moti kusintha pang'ono kungachotse kudikira kwa zaka n'kukusandutsa kwa masekondi. Apa ndi pamene kayesedwe ka Fresenius kanapeza tanthauzo. Ksp ya strontium sulfate ndi pafupifupi 3 × 10⁻⁷, pomwe ya barium sulfate ndi pafupifupi 1 × 10⁻¹⁰. Ndiye madzi a gypsum omwewo amapyoletsa barium ka 3,000 kuposa mmene amapyoletsera strontium. Barium amagwera kutali m'chigawo chotuluka pompo. Strontium amagwera chapafupi ndi malire, kumene timagulu timayamba tabadwa n'kufa kambirimbiri, ndipo ngakhale tina tikapulumuka timafuna nthawi kuti tikule mpaka diso litione. Mukawerenga kuchokera mu 1841 kufika mu 1926 mupeza zaka 85.

Nkhondo yachiwiri itatha, ntchito inali yoyeza. Arne Nielsen ku Copenhagen, amene buku lake la kathamangidwe ka precipitation linatuluka mu 1964, ankawerenga timibulu tobadwa m'madzi a mphamvu zosiyanasiyana. Anaona kuti kwa mtunda wautali chiwerengero chake sichisintha kwenikweni, chifukwa timangobadwira pa tifumbi timene tili kale m'madzimo. Koma pofika penapake chimakwera mwadzidzidzi, madzi atayamba kubala mbewu paokha. Mu 1969 J. R. Campbell ndi George Nancollas ku Buffalo anayesa strontium sulfate weniweniyo mwanjira ina: anaponyamo okha mbewu zodziwika kuchuluka kwake, kuti aone kukula pakokha popanda chisokonezo cha kubadwa. Anapeza kuti chochepetsa liwiro si ulendo wa ma ion kupita ku mbulu, koma zochitika pamwamba pa mbuluwo pamene ion ikufuna pokhala. Mfundo imeneyi imaoneka yaing'ono koma ndi imene imasunga zitsime za mafuta, monga tione posachedwapa.

Tisanafike kumeneko, ndisaiwale tizamoyo tina timene ndimatikonda kwambiri. M'nyanja zamchere muli tizamoyo ta selo imodzi totchedwa Acantharia, tokhala ndi minga 20 yochokera pakati, yoyalidwa mwa dongosolo limene Johannes Müller analifotokoza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1850. Ernst Haeckel, amene anatijambula mokongola, ankaganiza kuti mingayo ndi yopangidwa ndi chinthu chonga nyanga. Cha m'ma 1906 Otto Bütschli wa ku Heidelberg anaonetsa kuti ndi strontium sulfate. Chodabwitsa n'chakuti lita ya madzi a m'nyanja ili ndi mamiligalamu pafupifupi 8 okha a strontium, ndipo madziwo sanakhute n'komwe ndi celestine. Malinga ndi tchati chathu chija, mbulu wa celestine uyenera kusungunuka m'nyanja, osati kubadwa. Kanyamaka kamasonkhanitsa strontium m'kathumba ka m'kati mwa selo mpaka mutapyola, n'kukulitsa mbulu mmenemo motetezedwa. Kakangofa, nyanja imatenga zake: minga imasungunuka, ndipo n'chifukwa chake tizamoyoti sitisiya zotsalira m'miyala monga amachitira abale ake a zigoba za silica.

Tsopano ku mafuta, kumene kuchedwa kwa mchere kumawerengedwa m'madola. Chitsime cha mafuta chikamakalamba mphamvu yokankhira mafuta kumwamba imachepa, ndiye makampani amapopera madzi pansi kuti akankhe. Pakati pa nyanja madzi ali pafupi ndi a m'nyanja momwemo, ndipo lita iliyonse ili ndi magalamu pafupifupi 2.7 a sulfate. Koma madzi akale amene ali kale m'miyala pansipo nthawi zambiri amakhala ndi barium ndi strontium wambiri. Paokha madzi awiriwa alibe vuto. Akakumana, ndiye kachubu kathu kaja, kungoti tsopano n'kotalika makilomita. Mchere umamatirira m'mapaipi ngati nkhoko mu mphika wa nsima, mpaka njira ya mafuta kutsala kabowo. Ku North Sea wovuta kwambiri wakhala barium sulfate. Ku Gulf, monga pa zitsime za Fateh kufupi ndi Dubai kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anali strontium sulfate. Nkhoko zoyera za mu ketulo ya madzi a pa mjigo zimachoka ndi viniga chifukwa ndi carbonate. Za sulfate asidi wamba sazitha. Pamafunika kuzipala ndi makina kapena kuzisungunula ndi mankhwala odula monga EDTA ndi DTPA, chitsime chili chiimire. Kuonjezera apo radium amalowerera m'nkhokozo limodzi ndi barium, ndiye zochotsedwazo zimafuna kusamalidwa mwapadera.

Njira zothanirana nazo ndi ziwiri, ndipo iliyonse ikuchokera ku mbali yake ya mbiri imene tayendamoyi. Yoyamba ndi ya tchati: chotsani sulfate madzi asanapite pansi, kuti pasakhale kupyola. Izi zinayamba mu 1988 pa South Brae ku North Sea, kumene kampani ya Marathon inaika masefa apadera otchinga sulfate koma olola mchere wamba kudutsa. Yachiwiri ndi ya nthawi, ndipo kwa ine ndi yanzeru kwambiri. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 zinadziwika kuti ma phosphate ena, mamiligalamu ochepa chabe pa lita, amaletsa nkhoko kumera m'mapaipi a madzi. Muyeso umenewu ndi wochepa kwambiri moti sungamange ma ion onse a m'madzimo. Chimene mankhwalawa amachita, pamodzi ndi ma phosphonate amene anadzabwera pambuyo, ndi kukakhala pa malo ochepa aja pamwamba pa kambewu pomwe ma ion atsopano amafikira. Madzi amakhalabe okhuta mopyola, tchati sichinasinthe, mchere udzatulukabe tsiku lina. Koma ukachedwa mpaka madzi atadutsa m'paipi, injiniya wapeza chimene amafuna.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1900 mabuku ambiri ankalemba nkhaniyi ngati yatha: ma ion amaunjikana mmodzimmodzi, kagulu kamafika pa msinkhu wa Gibbs, n'kukula. Koma masamu a Volmer ali ndi chofooka chimene eni ake ankachidziwa. Amatenga kagulu ka ma ion makumi angapo ngati kachidutswa ka mwala waukulu, ka mkati ndi pamwamba podziwika bwino. Zipangizo zoonera tinthu ta msinkhu wa nanometre zitafika, zinthu zinayamba kuoneka mwina. Mu 2008 Denis Gebauer, Antje Völkel ndi Helmut Cölfen analemba m'magazini ya Science kuti m'madzi a calcium carbonate muli timagulu ta ma ion tokhalitsa ngakhale mbewu isanabadwe. Mu 2012 Alexander Van Driessche ndi anzake anaonetsa m'magazini yomweyo kuti gypsum amatha kuyamba ngati timibulu ta bassanite, mtundu wa calcium sulfate wa madzi ochepa umene ambiri timaudziwa ngati pulasitala womangira mafupa othyoka. Mkangano wa tanthauzo la timagulu ta Gebauer udakalipo, ndipo pali akatswiri amphamvu amene amati masamu akale akhoza kufotokoza zambiri mwa zimenezi akangokonzedwa. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo sindifulumira kuuza ana kuti Volmer anagwa.

Strontium sulfate analowa m'mkanganowu mu 2023, pamene gulu la ofufuza la ku Grenoble ku France, Van Driessche ali momwemo, linafalitsa zimene linapeza m'magazini ya Journal of Chemical Physics. Anasankha mchere umenewu chifukwa uli pakati pa abale ake awiri: barium sulfate alibe mtundu wodziwika wokhala ndi madzi m'kati, calcium sulfate ali ndi iwiri. Anapeza kuti njira si imodzi. Madzi akapyola pang'ono, ma ion amene agwirana kale m'timagulu ndi amene amayendetsa nucleation, ndipo chotuluka ndi celestine mwachindunji. Akapyola muyeso wina, zinthu zimatembenuka. Ma ion oyenda okha ndi amene amadyedwa, ndipo choyamba kutuluka si celestine ayi, koma hemihydrate, SrSO₄·½H₂O, mtundu wa timibulu tonga singano umene uli ndi molecule imodzi ya madzi pa ma strontium awiri alionse. Limeneli ndi lamulo la Ostwald la mu 1897 lija, likuoneka ndi maso patapita zaka 126.

Kasinthidwe kake nakonso anakatsata. Singano za hemihydrate sizifinya madzi n'kusanduka celestine pamalo pomwepo ayi. Zimasungunukanso, chifukwa zimasungunuka mosavuta kuposa celestine, ndipo ma ion amene zatulutsawo amakabadwanso mwatsopano ngati celestine. Pamafunika madzi kuti izi zichitike, ngakhale kachinyezi kopyapyala kokuta timibuluto. Ndiye amene asakaniza madzi amphamvu a strontium chloride ndi a sodium sulfate n'kusefa msangamsanga, ndi mnzake amene wasakaniza omwewo n'kuwasiya kuti akasefe mawa, onse awiri apeza ufa woyera pa pepala losefera, koma wa woyambayo ukhoza kukhala singano za hemihydrate pomwe wa wachiwiriyo ndi celestine.